Higher kapena Ordinary: kusankha mlingo wa Chingerezi pa mayeso a Leaving Certificate ku Ireland

Mwana amene akumaliza sukulu ya sekondale ku Ireland amalemba mayeso otchedwa Leaving Certificate, ndipo maphunziro a pa mayesowa amalembedwa pa milingo iwiri: Higher Level, umene ndi wovuta, ndi Ordinary Level, umene ndi wopepukirapo. Masamu ndi chilankhulo cha Irish zili ndi mlingo wachitatu wotsika kwambiri wotchedwa Foundation, koma Chingerezi chilibe, kotero kuti mwana ayenera kutenga umodzi mwa iwiri ija. Kwa makolo amene adaphunzira ku Malawi nkhaniyi ndi yachilendo, chifukwa pa mayeso a MSCE mwana wa pa sukulu yogonera komweko ndi mwana wa pa sukulu yoyendera ya kumudzi amalandira mafunso ofanana, ndipo palibe amene amafunsidwa ngati akufuna pepala lovuta kapena losavuta. Ndiye mphunzitsi wa ku Dublin kapena ku Cork akauza kholo kuti mwana aganizire zotsikira ku Ordinary, kholo limamva ngati lauzidwa kuti mwanayo walephera. Makolo ena amangovomera msanga poganiza kuti pepala losavuta libweretsa giredi yabwino. Maganizo onse awiriwa amasokeretsa, ndipo kuti munthu aone chifukwa chake ayenera kuyamba wamvetsa mmene mapointi amawerengedwera.

Ku Malawi tidazolowera kuti mapointi ochepa ndiwo abwino: wopeza mapointi 6 pa maphunziro asanu ndi limodzi ndiye wakhoza mopambana. Ku Ireland n'zosiyana, mapointi ochuluka ndiwo amatsegula khomo la yunivesite. Ofesi yotchedwa Central Applications Office, imene aliyense amangoti CAO, ndiyo imagawa malo m'mayunivesite ndi m'makoleji, ndipo imawerengera maphunziro asanu ndi limodzi amene mwana wakhoza bwino koposa pa mayeso a chaka chimodzi. Kuyambira mu 2017 mlingo uliwonse uli ndi magiredi asanu ndi atatu. Pa Higher, wopeza maperesenti 90 kapena kuposa amalandira H1, imene ndi mapointi 100. H2 imayambira pa 80 ndipo ndi mapointi 88. H3 imayambira pa 70 ndipo ndi mapointi 77. H4 imayambira pa 60 ndipo ndi mapointi 66. H5 imayambira pa 50 ndipo ndi mapointi 56. H6 imayambira pa 40 ndipo ndi mapointi 46. H7 imayambira pa 30 ndipo ndi mapointi 37. Wopeza pansi pa 30 amalandira H8, imene ilibe pointi ngakhale imodzi. Pa Ordinary malire a maperesenti ndi omwewo, koma mtengo wake ndi wina: O1 ndi mapointi 56, O2 ndi 46, O3 ndi 37, O4 ndi 28, O5 ndi 20, O6 ndi 12, ndipo O7 ndi O8 zilibe kanthu.

Manambala amenewa akaikidwa pamodzi amaonetsa chinthu chimene makolo ambiri sachiyembekezera. Mwana amene wakhoza Ordinary mopanda chilema, mpaka maperesenti 95, amalandira mapointi ofanana ndi a mnzake amene wangopeza theka la malikisi pa Higher. Mwana amene akuvutikira pa Higher n'kumapeza 45 ali ndi mapointi 46, ndipo kuti apeze mapointi omwewo atatsika ayenera kufika pa 80. Ngakhale wopeza 32 pa Higher, amene kwathu tikanati walakwa mayeso, ali ndi mapointi 37, ofanana ndi a wopeza 70 pa Ordinary. Zimenezi sizidachitike mwangozi. Chisanafike chaka cha 2017, wopeza pansi pa 40 pa Higher sankalandira pointi iliyonse, ndipo ana ambiri amene akanatha kukhoza ankathawira ku Ordinary chifukwa cha mantha. Giredi ya H7 idakhazikitsidwa kuti ichotse mantha amenewo, ndipo masiku ano ana oposa awiri mwa atatu alionse amalemba Chingerezi pa Higher.

Funso lenileni, choncho, si lakuti pepala losavuta ndi liti. Funso n'lakuti mwanayu, akakhala m'chipinda cha mayeso, wotchi ikuyenda ndipo alibe buku lililonse patsogolo pake, angafike pa malikisi angati pa Higher, ndipo ngozi yoti agwere pansi pa 30 ndi yaikulu motani. Kuti kholo liyankhe funso limeneli liyenera kudziwa chimene chimafunsidwa pa mapepala awiriwo.

Chingerezi ndicho chimatsegulira mayeso onse kumayambiriro kwa mwezi wa Juni. Pepala loyamba limalembedwa Lachitatu m'mawa, limatenga maola awiri ndi mphindi 50, ndipo lili ndi malikisi 200. Theka la malikisiwo limachokera pa kuwerenga ndi kumvetsa: mwana amapatsidwa nkhani zitatu zimene sadazionepo, amayankha mafunso pa imodzi, kenako amalemba kalata, zokamba pa msonkhano, nkhani ya m'nyuzipepala kapena china chotere chochokera pa nkhani ina. Theka linalo ndi chimangirizo chimodzi chachitali, chimene mwana amasankha pa mitu ingapo, kaya nkhani yopeka yaifupi, kaya kufotokoza za moyo wake, kaya kutsutsa kapena kuvomereza mfundo ina. Chimangirizo chokhachi chili ndi malikisi 100, kutanthauza gawo limodzi mwa magawo anayi a phunziro lonse. Pa pepala limeneli milingo iwiri ija imafanana kamangidwe. Kusiyana kuli pa kulemera kwa nkhani zowerenga, pa kuya kwa mafunso, ndi pa zimene ochonga amayembekezera. Pa Ordinary funso limatsogolera mwana pang'onopang'ono, pamene pa Higher limamufunsa kuti aunike mmene mlembi wagwiritsira ntchito chilankhulo ndi kupereka umboni wochokera m'nkhaniyo.

Pepala lachiwiri ndi pamene njira ziwirizi zimapatukana kwenikweni. Limalembedwa Lachinayi masana, limatenga maola atatu ndi mphindi 20, ndipo nalonso lili ndi malikisi 200, kotero kuti mphindi iliyonse ili ndi malikisi ake amodzi. Lili ndi zigawo zitatu. Chigawo choyamba, cha malikisi 60, ndi cha buku limodzi limene mwana waphunzira mozama. Chachiwiri, cha malikisi 70, ndi chofananiza ntchito zingapo, kawirikawiri zitatu, monga buku la nthano yaitali, sewero ndi filimu. Chachitatu, cha malikisi 70, ndi cha ndakatulo: malikisi 20 pa ndakatulo imene mwana akuiona koyamba ndi 50 pa ndakatulo zimene adaphunzira m'kalasi.

Pa Higher, sewero la Shakespeare n'losathawika. Mwana ayenera kuliyankha, kaya m'chigawo choyamba kapena m'chachiwiri, ndipo sukulu zambiri zimaliika m'chigawo choyamba. Yankho lake ndi chimangirizo chimodzi chachitali chotsatira mfundo imene funso lapereka, chokhala ndi mawu a m'sewero amene mwana waloweza. Pa ndakatulo, chaka chilichonse pamasankhidwa alakatuli asanu ndi atatu, ndipo mwana amayenera kudziwa ndakatulo zosachepera zisanu ndi imodzi za mlakatuli aliyense amene wamuphunzira. Mwa nthawi zonse pepala limafunsa za alakatuli anayi okha, osanena pasadakhale kuti ndi ati, n'chifukwa chake aphunzitsi amakonda kuphunzitsa asanu kuti mmodzi asalephere kupezeka. M'zaka zotsatira mliri wa Covid-19 mwayi wosankha udakulitsidwako. Alakatuli asanu ndi ndakatulo zokwana 30, ndipo ndakatulozo sizisindikizidwa pa pepala la mayeso. Mwana amayenera kukhala nazo m'mutu, osati tanthauzo lokha koma ndi mizere yeniyeni yoti aitchule ngati umboni. Pa Ordinary, ndakatulo imene ikufunsidwa imasindikizidwa pa pepalapo, mafunso amagawidwa m'tizigawo tating'ono tokhala ndi malikisi ake, ndipo Shakespeare mwana angamutenge kapena kumusiya. Pa chigawo chofananiza, Higher imafunsa zinthu monga chikhalidwe cha dziko limene nkhani ikuchitikira, kaonedwe ka moyo kamene nkhani ikupereka, ndi luso la kafotokozedwe, pamene Ordinary imafunsa zinthu zogwirika monga ubale wa anthu a m'nkhani, kapena ngwazi ndi munthu woipa.

Kusiyana kumeneku si kwa nzeru zokha, ndi kwa nthawi ndi mphamvu. Mwana wa Higher amalemba masamba ambiri ndi dzanja, mofulumira, kwa maola oposa atatu, ndipo amakhala atathera miyezi yambiri akuloweza mawu. Nthawi imeneyo imachotsedwa ku maphunziro ena. Apa ndi pamene kutsika kumakhala kwa nzeru kwa ana ena, osati chifukwa chakuti sangathe, koma chifukwa chakuti maola awo angapindule kwambiri kwina. Chitsanzo chodziwika ndi cha masamu: wopeza H6 kapena kuposa pa masamu a Higher amawonjezeredwa mapointi 25, n'chifukwa chake mapointi apamwamba koposa ndi 625 osati 600. Mwana amene mphatso yake ili pa masamu ndi sayansi, amene akulemba maphunziro asanu ndi awiri ndipo asanu ndi limodzi mwa iwo ndi a Higher, angathe kutenga Chingerezi cha Ordinary podziwa kuti sichidzawerengedwa pa mapointi ake, bola akhoze mokwanira kukwaniritsa zofunika polowa yunivesite.

Koma mabanja amene adasamukira ku Ireland ana atakula kale ayenera kusamala pa mfundo imeneyi, chifukwa kuwerengera kwawo kumakhala kwina. Ana ambiri obadwira ku Ireland amalemba maphunziro asanu ndi awiri: Chingerezi, Irish, masamu, ndi ena anayi osankha okha. Popeza amawerengedwa ndi asanu ndi limodzi, phunziro limodzi limakhala lotsala, ndipo nthawi zambiri lotsalalo limakhala Irish kapena masamu a Ordinary. Mwana amene adaphunzira kunja kwa Ireland mpaka atafika zaka 12 angathe kumasulidwa ku phunziro la Irish, zimene makolo ambiri amazilandira ndi manja awiri. Chimene chimaiwalika n'chakuti mwana wotere, akapanda kutenga phunziro lina m'malo mwake, amatsala ndi maphunziro asanu ndi limodzi okha, ndipo lililonse limawerengedwa. Kwa iye Chingerezi sichingakhale chotsala. Akatsikira ku Ordinary n'kupeza O4, mapointi 28 amenewo alowa m'chiwerengero chake, pamene H6 ikanamupatsa 46. Kusiyana kwa mapointi 18 kumaoneka kochepa, koma pa maphunziro amene anthu ambiri amawalimbirana malo amatha kutayika ndi mapointi ochepa kuposa pamenepo. Sukulu zina zili ndi pulogalamu yokonzekeretsa ana ku ntchito yotchedwa LCVP, imene giredi yake yapamwamba imapereka mapointi 66, yapakati 46 ndipo yotsika 28, ndipo ingalowe m'malo mwa phunziro lachisanu ndi chimodzi. Kwa mwana womasulidwa ku Irish, imeneyi ndi njira yoyenera kuifunsa kumayambiriro kwa Fifth Year, chaka choyamba cha maphunziro a Leaving Certificate, osati kumapeto.

Mapointi si chotchinga chokhacho. Yunivesite iliyonse ili ndi zofunika zake zimene mwana ayenera kukwaniritsa ngakhale mapointi ake atakhala ochuluka bwanji. Mayunivesite a m'gulu la National University of Ireland, monga UCD ku Dublin ndi UCC ku Cork, amafuna maphunziro asanu ndi limodzi, awiri pa H5 kapena kuposa ndi ena anayi pa O6 kapena H7, ndipo Chingerezi chiyenera kukhala pakati pawo. Trinity College Dublin imafuna atatu pa H5. Apa pali mfundo ziwiri. Yoyamba n'yakuti Chingerezi cha Ordinary chimalandiridwa pa maphunziro ochuluka, kuphatikizapo unamwino, uinjiniya ndi sayansi, kotero kutsika sikutseka yunivesite monga ena amaopera. Yachiwiri n'yakuti maphunziro ena amatchula Higher mwachindunji: wofuna kukaphunzira Chingerezi chenichenicho ku Trinity amafunika H4, ndipo maphunziro a utolankhani ku Dublin City University amafunanso H4. Wofuna uphunzitsi wa ku pulayimale amafunika H7 kapena O4 pa Chingerezi, kutanthauza kuti O5 ndi O6, zimene zimakwanira kwina, kumeneko sizikwanira. Zofunikazi zimasindikizidwa chaka chilichonse ndi makoleji eni ake, ndipo mwana wa zaka 16 amene lero akunena kuti adzakhala injiniya angathe kusintha maganizo mawa. CAO yenyeniyo imalola kusintha zosankha mpaka pa 1 Julayi, mayeso atalembedwa kale. Mlingo wa Chingerezi pa nthawi imeneyo sungasinthidwenso.

Ndiye mwana adziwika bwanji kuti ali pati? Ochonga mayeso a Chingerezi amatsata zinthu zinayi pa yankho lililonse lalitali. Maperesenti 30 amapita ku cholinga, ndiye kuti ngati mwana wayankha funso limene lafunsidwa osati limene adakonzekera. 30 ena amapita ku mgwirizano wa mfundo, ngati ndime zikutsatana ndipo umboni ukuchirikiza zimene akunena. 30 ena ku chilankhulo, ndiye kuti kusankha mawu ndi kamangidwe ka ziganizo. Ndipo 10 okha ndiwo a kalembedwe ka mawu ndi malamulo a chilankhulo. Ambiri a ife tidakulira m'kalasi mmene Chingerezi chabwino chinkatanthauza galamala yosalakwa, ndipo kholo likaona zolemba za mwana zili ndi zolakwika zambiri za kalembedwe limaganiza kuti zinthu zaipa, kapena likaona zolemba zoyera limaganiza kuti zonse zili bwino. Pa mayeso amenewa mwana wolemba Chingerezi choyera koma amene amangobwereza nkhani ya m'buku kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto amataya malikisi ambiri kuposa mnzake wolakwitsa mawu apa ndi apo koma amene ali ndi mfundo ndipo akuiteteza. Vuto la kubwereza nkhani limakonzeka, ndipo mphunzitsi wabwino amalikonza m'miyezi ingapo. Vuto la mwana amene sangathe kumaliza kuwerenga buku, kapena amene akapatsidwa ola lathunthu amangolemba tsamba limodzi, ndi lozama, ndipo ndilo chizindikiro chenicheni chakuti Higher ingamugwetse.

Kalankhulidwe ka mwana sikathandiza kwenikweni poyeza zimenezi, ndipo kamanamiza mbali zonse. Mwana amene wakhala ku Ireland zaka zingapo amalankhula ngati anzake a m'kalasi, mpaka makolo kumanyadira, koma angathe kukhala wosawerenga buku ndi limodzi lomwe. Wina wongofika kumene, wamanyazi, wolankhula mochedwa ndi katchulidwe ka kwathu, angathe kukhala wolemba bwino koposa m'kalasimo. Choopsa n'chakuti mwana wachiwiriyu aikidwe m'kalasi ya Ordinary sabata yoyamba chifukwa chakuti sukulu sikumudziwa ndipo alibe zotsatira za mayeso a Junior Cycle, amene ana amalemba pakutha pa chaka chachitatu ndipo sukulu zambiri zimawagwiritsa ntchito pogawa makalasi. Kholo siliyenera kuchita manyazi kupempha kuti mwana ayesedwe ndi ntchito yolemba asanaikidwe m'kalasi, kapena kuti ayambire ku Higher kwa teremu imodzi aone mmene zikhalire. Mwambo wathu wolemekeza aphunzitsi ndi wabwino, koma ku Ireland kholo limene limafunsa mafunso pa msonkhano wa makolo ndi aphunzitsi silionedwa ngati lamwano, ndipo limene langokhala chete limatengedwa kuti lavomereza. Ndi bwinonso kudziwa kuti bungwe loyendetsa mayeso, State Examinations Commission, limalola ana amene Chingerezi si chilankhulo chawo choyamba kulowa ndi dikishonale ya zilankhulo ziwiri pa maphunziro ena, koma osati pa mayeso a Chingerezi. Pamenepo mwana amakhala yekha ndi mawu amene ali nawo. Ana amene ali ndi vuto la kuwerenga ndi kulemba lotchedwa dyslexia angapemphedwere chithandizo kudzera mu ndondomeko ya RACE, kuphatikizapo kusachotseredwa malikisi pa kalembedwe ka mawu, ndipo vuto lotere pa lokha si chifukwa chotsikira.

Chifukwa chachikulu choyambira ku Higher n'chakuti njira yotsika ndi yotseguka nthawi zonse pamene yokwera imatsekeka msanga. Maphunziro a Leaving Certificate amatenga zaka ziwiri, Fifth Year ndi Sixth Year. Mwana amene wakhala chaka chathunthu m'kalasi ya Ordinary sadaphunzire alakatuli aja mozama, mwina sadakhudze Shakespeare, ndipo sadazolowere kulemba chimangirizo chachitali cha zolembalemba. Kuti akwere m'chaka chomaliza ayenera kugwira ntchito ya zaka ziwiri m'miyezi isanu ndi inayi. Wotsika amatenga zambiri zimene adaphunzira n'kupita nazo, chifukwa sewero la Shakespeare limaloledwa pa milingo yonse iwiri ndipo zina mwa ndakatulo za Ordinary zimachokera kwa alakatuli omwe aja a Higher.

Komabe kutsika kuli ndi nthawi yake. Ana amatsimikizira milingo yawo ku bungwe la mayeso m'chaka chomaliza, ndipo lamulo limalola kusintha ngakhale pa tsiku la mayeso lenilenilo, mwana n'kupempha pepala la mlingo wina asanayambe kulemba. Akalemba pepala loyamba pa mlingo wina, lachiwiri liyenera kukhala la mlingo womwewo. Ufulu umenewu ndi wothandiza, koma pa Chingerezi kuugwiritsa ntchito m'mawa wa mayeso ndi kutchova njuga. Mwana amene sadaonepo pepala la Ordinary adzapeza kuti mitu ya chigawo chofananiza si imene adakonzekera, kuti zina mwa ndakatulo zosindikizidwa sadaziphunzire, ndiponso kuti mafunso aafupi ambiri amafuna kagawidwe kena ka nthawi. Ganizo loti wotsika kuchokera ku Higher amangopeza O1 kapena O2 mosavutikira n'lolakwika, chifukwa maperesenti 80 pa phunziro lolemba zimangirizo safikidwa mwangozi pa mlingo uliwonse. Ngati kutsika kuli kofunika, kuchitike nthawi ikadalipo yoti mwana akhale m'kalasi ya Ordinary, aphunzire ndakatulo zake, ndi kulemba mapepala a zaka zam'mbuyo, amene amapezeka kwaulere pa intaneti pamodzi ndi ndondomeko zochongera.

Mabanja ambiri amadikira mayeso oyeserera, amene amalembedwa cha mu Febuluwale m'chaka chomaliza, kuti ndiwo agamule. Mayesowa ndi othandiza chifukwa ndi nthawi yoyamba imene ana ambiri amalemba mapepala onse awiri athunthu pa nthawi yake yeniyeni, koma zotsatira zake ziyenera kuwerengedwa mosamala. Sakonzedwa ndi bungwe la mayeso la boma koma ndi makampani amene amagulitsa mapepala ku sukulu, kachongedwe kake kamasiyanasiyana, ndipo amabwera silabasi isanathe. Giredi yokha siuza kholo zambiri. Chofunika ndi kuona pepalalo. Mwana amene wapeza 38 chifukwa nthawi idamuthera n'kusiya chigawo chonse cha ndakatulo osalemba ali pa malo osiyana kwambiri ndi amene wapeza 38 atayankha zonse ndi mphamvu zake zonse. Woyambayo ali ndi vuto la wotchi, ndipo miyezi itatu ndi yokwanira kulithetsa. Wachiwiriyo ali pa malire, ndipo za iye kholo lifunse mphunzitsi funso lolunjika: kodi pa zimangirizo zimene mwanayu walemba m'kalasi, popanda buku ndi popanda thandizo, kuyambira chaka chatha, ndi zingati zimene zidafika pa 40? Zimangirizo zolembera kunyumba siziyenera kudaliridwa kwambiri masiku ano, pamene yankho lililonse lingatengedwe pa intaneti. Kwa ine, mwana amene nthawi zambiri amapeza 40 kapena kuposa akhale ku Higher, ngakhale akudandaula. Amene amangozungulira pa 30, nthawi zina pamwamba nthawi zina pansi, ali pa chiopsezo chenicheni cha H8, imene imamulanda mapointi komanso imamutsekera makhomo a maphunziro onse ofuna Chingerezi, ndipo kwa iye O3 kapena O4 yotsimikizika ndi yabwino kuposa H7 yokayikitsa.

Pali chinthu china chimene manambala sachionetsa, ndicho mtima wa mwana. Makolo amene adasiya kwawo kuti ana aphunzire amavutika kumva mawu akuti Ordinary, ndipo ena amakakamiza mwana kukhala ku Higher pa maphunziro onse asanu ndi awiri ngati kuti kutsika pa limodzi n'kunyazitsa banja. Mapeto ake mwana amagawa mphamvu zake paliponse n'kupeza magiredi ofooka pa onse. Ana enanso amapempha kutsika chifukwa chakuti anzawo ali m'kalasi inayo, kapena chifukwa chakuti sakugwirizana ndi mphunzitsi, kapena chifukwa chimangirizo chimodzi chabwerera ndi malikisi oipa mu Novembala. Zifukwa zotere n'zomveka koma si zokwanira, ndipo mphunzitsi wolangiza za maphunziro a mtsogolo, amene sukulu za sekondale zimakhala naye, angathandize kusiyanitsa mwana wotopa ndi mwana amene walemedwadi. Nkoyeneranso kusayerekeza mwana ndi mkulu wake amene adalemba m'zaka za mliri wa Covid-19 kapena m'zaka zotsatira, chifukwa m'zaka zimenezo magiredi adakwezedwa ndipo boma lidayamba kuwabwezera pang'onopang'ono mu 2025.

Zonse zafotokozedwa pano zikuchokera pa silabasi imene yakhala ikugwiritsidwa ntchito kwa zaka zambiri, koma dongosolo likusintha. Mu 2022 nduna ya zamaphunziro Norma Foley idalengeza kuti maphunziro a Leaving Certificate akonzedwanso kuti gawo la malikisi, maperesenti 40, lizichokera ku ntchito ina osati mayeso olemba a mu Juni okha, ndipo maphunziro akulowa m'dongosolo latsopanoli m'magulu, chaka ndi chaka. Kholo la mwana amene akulowa Fifth Year lifunse sukulu ngati mwanayo adzalemba Chingerezi pa silabasi yakale kapena yatsopano, komanso mndandanda wa mabuku ndi alakatuli a chaka chake, popeza mndandandawo umasintha chaka chilichonse ndipo mabuku a mkulu wake sangakhale oyenera. Ndipo ngati zinthu zitavuta n'kubwera H8 kapena O7, malamulo a CAO amasiya mpata: mapointi ayenera kuchokera pa mayeso a chaka chimodzi, koma pa maphunziro ambiri, kupatula udokotala, zofunika polowa zingasonkhanitsidwe pa zaka zosiyana, kotero mwana angabwereze Chingerezi chokha chaka chotsatira n'kusunga mapointi amene adapeza kale. Palinso maphunziro a chaka chimodzi otchedwa PLC, amene satifiketi yake imalowetsa ana ambiri m'makoleji ndi m'mayunivesite pa malo osungidwira iwo, popanda kuwerengera mapointi a Leaving Certificate.